Kope la Malume

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Linthipe, anyamata a kabaza sandifunsa komwe ndikupita. Amangokodolana n'kumati, "Abwana a kope afika." Ine ndimakhala ngati sindinamve, ndimakwera njinga ya amene sakuseka kwambiri.

Nkhani yake ndi ya malume anga, alongo awo a mayi, amene anali ndi okala m'mudzi mwathu kwa zaka zoposa 40. Eni akewo ankakana dzina la okala. Ankati ndi golosale, ngakhale kuti wogula mmodzi akalowa, wachiwiri ankadikira panja. Anabadwa njala ya 1949 ili pafupi, ndipo ankati n'chifukwa chake sanatalike. Ali mnyamata analembetsa Wenela n'kupita ku migodi ya ku Joni. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi opitirira 70, Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi, malume n'kubwerera kumudzi ndi njinga ya Humber, wailesi, bulangete lolemera ngati mwana wa ng'ombe, ndi suti imodzi ya buluu. Suti imeneyi muisunge m'mutu.

Anayamba ndi mchere ndi usipa. Ankatsetsereka pa njinga mpaka kunyanja kudzera ku Golomoti, pobwera n'kumaikankha njingayo chitunda chonse chija, dengu lili pambuyo. Nthawi yomwe boma linkasamutsira Amwenye a masitolo m'mizinda m'zaka za m'ma 1970, anthu akumudzi anasowa pogula machesi ndi palafini, ndiye malume anaumba njerwa, n'kuyamba kupikula katundu ku Chipiku. Okala ameneyu ndiye anaphunzitsa ana awo asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo ife ana a mlongo wawo, poti kwathu mwini mbumba ndi malume. Pakhoma analembapo ndi penti yofiira kuti NGONGOLE MAWA. Koma kuseri kwa okalako kunali kawindo, ndipo pakawindo pamenepo mawa linkafika tsiku lililonse dzuwa likangolowa.

Atamwalira tinalira, tinaika, chaka n'kutha. Banja linagwirizana zomanga chiliza mu Okutobala, anthu atakolola ndipo mvula isanayambe. Pamsonkhano wa banja anati wolankhula mbiri ya malemu akhale ine, poti ndine wa ku Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi. Ndinakana kamodzi kokha, mwaulemu, kuopa kuti ndikakana kawiri angasankhe wina. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinatero, mtima uli mbee.

Ndinalemba masamba atatu pa kompyuta ya kuntchito. Munali mawu akuluakulu: mzati wa banja, mkuyu wa mthunzi, nyali ya m'mudzi. Ndinayeserera pagalasi mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndikufuna kuimira ukhansala. Tsikulo ndinavala suti ya buluu. Manja ake ndi aafupi pang'ono kwa ine, koma ukaika dzanja limodzi m'thumba sizioneka.

Msuweni wanga, mwana wachitatu wa malume, atandiona ndikutsika pa kabaza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Amuna anga, mwatchena," anatero. "Koma jeketeyo ndikuidziwa." Chisuweni chathu n'chotero, timanyozana kuyambira tili ana, choncho sindinalabadire.

Anthu anasonkhana ambiri pansi pa mitengo ya mango, azibambo uku, azimayi uko. Mbuzi ziwiri zinali zitagona kale m'miphika, thobwa ali m'migolo. Tinabwereka chimkuzamawu choyendera batire ya galimoto, cha mtundu uja umati ukatsokomola amve a mudzi wachitatu. Mkulu wa mpingo anapemphera, kwaya inaimba, kenako nduna ya amfumu inati tisanamve mbiri, tiyambe tathokoza onse amene athandiza pamwambowu. Mayina ali m'kope.

Azakhali, akazi a malume, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope, n'kundipatsa atagwada. Apa ndidziteteze pang'ono. Maso a malume atayamba kuchita nkhungu, amene ankawalembera zonse za mu okala anali mdzukulu wawo wa Fomu 2. Yemweyonso ndiye ankalemba zopereka za chiliza. Zolemba zake n'zimodzi, cholembera chimodzi, ndipo makope onse anachokera pa shelefu imodzi ya mu okala momwemo. Pamwamba pa tsamba loyamba panalembedwa kuti MAYINA NDI ZINTHU. Inuyo mukanadziwa bwanji?

Ndinakonza kukhosi. "Poyamba penipeni, amfumu athu. Shuga mapaketi 6, mafuta ophikira malita 2, mchere."

Ndinaona kuti mawu okhawo ndi ouma, ndiye ndinathirako mchere wanga. "Anthuni, utsogoleri ndi umenewu. Kukhala patsogolo pa zonse. Tiwaombere m'manja amfumu!" Anthu anaomba. Amfumu anaweramitsa mutu n'kumajambula pansi ndi ndodo yawo. Ndinati mumtima, taonani kudzichepetsa.

Ndinapitiriza. Aphunzitsi opuma, shuga ndi majani a tiyi. M'manja. Amayi a kuseri kwa chigayo, mafuta a m'timachubu 15 ndi sopo. M'manja, koma mocheperako. Sopoyo ndinati ndi wotsukira mbale. Makandulo ndinati n'ngounikira amayi ophika usiku. Panado ndinati anthu aganiza mwakuya, pachikhamu chotere mutu sulephera kuwawa. Nditafika pa malezala atatu ndi mankhwala a makoswe ndinaima pang'ono, koma ndinakumbukira kuti mphatso sakana.

Chomwe chinkandidabwitsa n'chakuti ndikatchula munthu, m'malo mokweza dzanja kuti anthu amuone, ankamira m'khamulo ngati chule m'chithaphwi. Bambo wina nditangotchula dzina la mkulu wake, ananyamuka n'kulowera kuchimbudzi osabwerakonso. Azakhali okha ndiwo anakhala tsonga pamphasa, manja pamiyendo, akugwedeza mutu pa dzina lililonse ngati akuwerengera nkhuku zolowa m'khola.

Kutsogolo kwa mayina ena kunali timawu tapambali. Ndinaganiza kuti ndi uthenga wa operekawo, ndipo munthu wa mu ofesi sadumpha mzere.

"Akulu a mpingo," ndinatero ndi mawu aulemu, "ndudu 20. Akuti n'za alamu awo."

Kwaya yonse inatembenuka nthawi imodzi. Akulu a mpingo anatsegula Baibulo n'kuyamba kuliwerenga mwakhama, ngakhale ndili patali ndinaona kuti alizondotsa. Wina kumbuyo anati, "Alamu awo ati? Si anamwalira kalekale?" Kunamveka kuseka kotsekera m'chitenje. Ine ndinakweza dzanja kuti pakhale bata, poti tinali pamwambo wolemekezeka.

Kenako ndinafika pa bambo wina wa ngolo, amene amanyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsewu. "Mafuta odzola botolo lalikulu, ndi ndolo. Akuti kunyumba asadziwe."

Zii.

Ku mbali ya azimayi kunadzuka mayi wina wamtali, akumanga chitenje m'chiuno mwamphamvu. "Ndolo zake ziti?" anafunsa, osafuna chimkuzamawu. Anagwira makutu ake onse awiri n'kuwaonetsa kwa anthu. "Taonani, anthuni. Makutu anga ndi osaboola chibadwire!" Amayi anzake anamugwira. Bambo wa ngolo anayang'ana kumwamba ngati akuyembekeza mvula ya chizimalupsa. Ndipo cha kumigolo ya thobwa, mayi wina amene palibe anamutchula anafunda mpango kumutu mpaka m'makutu, kutentha konse kuja.

Mukuganiza kuti apa ndinazindikira? Ayi ndithu. Ndinangoona kuti mudzi wathu wayamba kupereka zinthu zachilendo. Msuweni wanga anali atagona chammbali pamphasa, akulira ndi kuseka, akundikodola kuti ndisiye. Ine ndinayesa akundilimbikitsa.

Chinanditsegula maso ndi chaka. Nditatembenuza tsamba ndinawerenga kuti, "Amayi amasiye a kudambo, chimanga ndowa zitatu, 2002." Ndinaima. Munthu angapereke bwanji chimanga cha chiliza mu 2002, mwini chiliza akadali moyo, akupalasa Humber yake? Pambali pake panali mawu awiri okha, ndipo pakamwa panga panawatulutsa mutu usanalole: "Njala. Osafunsa."

Thukuta linatsika msana wonse. Ndinakumbukira kuti malume kope likadzaza sankalitaya, ankasamutsira mayina onse m'kope latsopano, chaka ndi chaka, ngati mmene ena amasamutsira mbewu. Chomwe ndinagwira m'manja chinali ngongole za mudzi wonse, ndipo ndinali nditaziulutsa mpaka mudzi wachitatu, ndikuombetsa m'manja.

Pamene ndinkafuna poti ndilowe pansi, gogo wina anadzuka pang'onopang'ono atagwira ndodo. Amene munaiona njala ya 2002 mukudziwa mmene zinalili kuno ku chigawo chapakati: anthu kudya gaga ndi zitsa za nthochi, chimanga chosakhwima kumachilondera usiku ndi zikwanje. "Ndine ameneyo," anatero gogoyo. "Ndinali ndi ana anayi. Ndowa zitatuzo anabweretsa okha usiku pa njinga. Sanafunsedi." Anakhala pansi. Azakhali anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kwa kanthawi ngakhale mayi wa makutu osaboola uja anakhala chete.

Ndinati mwayi wanga ndi uno. Ndinatseka kope mwaulemu n'kupisa m'thumba kuti nditulutse masamba anga atatu a mkuyu wa mthunzi.

"Iyayi!" Anali bambo wa ngolo, ataimirira. "Mwatitchula ife, tchulani onse. Malizitsani kope!" Akulu a mpingo, kwa nthawi yoyamba chiyambire mavuto awo, anati, "Amen." Nduna inanong'onezana ndi amfumu, n'kulengeza kuti amfumu akuti chilungamo n'chakuti kope lithe.

Ndinawerenga ngati mwana wa Sitandade 2 amene waitanidwa kutsogolo. Tsopano anthu anali atamasuka, aliyense akudikira mnzake. Timawu ta malume tinayamba kuwaseketsa eni ake omwe. "Akuti abweza akagulitsa fodya. Fodya wake wa chaka chiti sananene." Wina: "Wabweza theka, theka linalo wandiuza nthabwala yabwino." Wina: "Uyu asapatsidwenso." Pansi pake, dzina lomwelo: "Wapatsidwanso." Amene sanatchulidwe anayamba kuoneka okhumudwa, ngati malume sankawawerengera.

Tsamba lomaliza linali ndi mzere umodzi. Nditauona ndinati, "Basi, athera pamenepa," n'kutseka msanga. Koma msuweni wanga anali ataima kale pambali panga. Anandilanda kope ndi chimkuzamawu, n'kuwerenga mwapang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ngati wolengeza za maliro pa wailesi.

"Mphwanga wa ku Lilongwe. K60,000 ya lendi, akuti abweza malipiro akatuluka. Kwawoko mwina mwezi sutha." Anadikira kuti phokoso litsike. "Ndi suti yanga ya buluu ya ku Joni. Anabwereka ya ukwati. Ana ake pano ndi atatu."

Maso onse anagwera pa jekete. Ndinatulutsa dzanja m'thumba mosadziwa, manja aafupi aja n'kuonekera poyera. Amfumu anaseka mpaka ndodo inagwa. Nduna inatola ndodoyo n'kunena mokweza kuti, "Tiwaombere m'manja a ku Lilongwe!" Sindinamvepo m'manja mwamphamvu chotero moyo wanga wonse.

Mbiri ija sinawerengedwe. Amfumu anati ya m'kope yakwana, tipite kumanda tikaone chiliza nsima isanazizire.

Usiku umenewo kawindo ka kuseri kanagwira ntchito mobwerera. Anthu ankagogoda mmodzimmodzi, wina ndi K5,000 yopindapinda, wina ndi nkhuku, wina ndi ndowa ya mtedza. Aphunzitsi opuma anabwera ndi cholembera kudzatsutsa kuti shuga wawo anatenga kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho alipire mtengo wakale. Azakhali anavomera, n'kuwakumbutsa kuti majani a tiyi aja anali a chaka chino. Amfumu anatumiza mwana ndi ndalama yonse, pamodzi ndi uthenga wakuti ine ndikaonekere kubwalo m'mawa ndi nkhuku ya chindapusa, chifukwa chochititsa manyazi mfumu pagulu. Gogo wa kudambo naye anabwera ndi kalichero ka ufa. Azakhali anam'bweza nako, n'kumuonjezera paketi ya shuga.

Anthu atatha ndinakhala pakhonde ndi azakhali, ndili ndi malaya okha, suti itapachikidwa pa msomali mu okala. Ndinayamba kupepesa. Ndinati makope aja ndi ofanana kwambiri, aliyense akanasokoneza, asadziimbe mlandu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe," anatero, "ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma makope a m'nyumba mwanga ndimawadziwa. La zopereka lili pansi pa pilo. Amalume ako anali ndi chisoni, ine ndili ndi mashelefu opanda kanthu. Ndikanatuma wa m'mudzi muno akanaona dzina loyamba n'kutseka. Pankafunika munthu wophunzira."

M'mawa ndinapeza msuweni wanga akugulitsa mu okala, akukulungira mwana wina usipa m'pepala lolembedwa pa kompyuta. Ndinaona mawu oti "nyali ya m'mudzi" akulowa mafuta. Ndalama yomwe ndinatsala nayo inali ya minibasi yokha, ndipo kubwalo ankandidikira. Ndinazungulira kuseri, n'kugogoda pakawindo.

Azakhali anandipatsa tambala wofiira, miyendo yomanga kale. Kenako anaitana mdzukulu uja kuti abwere ndi cholembera.