Kuyima mu on-deck circle si kulowa m'masewero

Sabata yathayi ndayimbira masewero a baseball a makalabu kuno ku Cape Town, ndipo a pakati pa sabata anayenda bwino kupatula mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene inkatithira mchenga m'maso. Chimene chikundiwawabe ndi cha Loweruka.

Monga zakhalira nyengo ino, akuluakulu a ligi ananditumiza ndekha pa masewero ofunika oyimbira awiri, ndipo buku la zigoli linali m'manja mwa kholo lina lodzipereka limene silinaphunzitsidwepo ntchitoyi. Mu inning (chigawo cha masewero) ya 7, mphunzitsi wa eni bwalo anatulutsa mnyamata wamanzere kuti akayime mu on-deck circle, malo amene wotsatira kumenya mpira amadikirira, akupukusa bat ngati ndiye akamenye. Mphunzitsi wa alendo ataona zimenezo anathamangira kudzandiuza kuti akusintha pitcher (woponya mpira), n'kulowetsa wamanzere woti akalimbane ndi mnyamata wamanzereyo. Pitcher watsopanoyo atangomaliza kutenthetsa mkono, mphunzitsi wa eni bwalo anamuitana mnyamata uja kubwerera pa benchi, ndipo amene anabwera kudzamenya anali wamanja yemwe anali kale pa mndandanda.

Mphunzitsi wa alendoyo anandifika pamphuno, thovu lili kukamwa, akuti mnyamata uja analowa kale ngati pinch hitter (womenya wolowa m'malo mwa mnzake) ndipo buku likuchitira umboni. N'zoona kuti kholo lija linali litalemba dzina la mnyamatayo litangomuona atanyamula bat. Koma buku silolowetsa munthu m'masewero. Lamulo 5.10(j) la Official Baseball Rules likunena poyera kuti womenya amene sanalengezedwe amawerengedwa kuti walowa pokhapokha akayima mu batter's box, malo omenyera mpira, ndipo kwa ine palibe amene anabweretsa dzina lake. Ndinawafotokozera modekha kuti anyengedwa mwachilungamo, kuti pitcher amene anamutulutsa sangabwererenso pa mound (malo oponyera mpira), komanso kuti watsopanoyo ayenera kuponyera womenya amene wabwerayo mpaka atatuluka kapena atafika pa first base (malo oyamba amene womenya amathamangirako). Anapitiriza kulalata mpaka anatchula dziko limene ndinachokera, ndipo apo ndinawatulutsa m'bwalo.

Sindikudandaula ndi chigamulo changa, chifukwa chinali cholondola. Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti pakanakhala mnzanga ku mabase ndi wolemba zigoli wodziwa kudikira chizindikiro cha woyimbira, nkhaniyi ikanatha isanakule. Lipoti ndinalemba usiku womwewo, koma amene analilandira sanayankhebe, ndipo ndalama za masewero a mwezi watha sitinazionebe. Ndandanda ya Loweruka likubwerali yatuluka kale, ndipo andiikanso ndekha.