Mphete Yaulere ya ku Portland

Mlamu wanga, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Portland m'chigawo cha Maine ku America, ananditengera ku Commercial Street, msewu wa m'mbali mwa doko, kuti ndikagulire mayi a kunyumba mphatso ndisanabwerere kumudzi. Moyo wa anthu akumeneko wagona pa lobster, nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja ya mchere, moti ngakhale amisiri osula zodzikongoletsera saganiza za chinthu china.

M'sitolo imene tinalowa munali ndolo zooneka ngati timiono, mikanda yokhala ndi tizoyandama topaka utoto, potengera mwambo woti msodzi aliyense ali ndi mitundu yakeyake yozindikirira miono yake panyanja, komanso zibangili zopindidwa kuchokera ku kamkuwa koyezera lobster. Mayi wogulitsa anafotokoza kuti lamulo la ku Maine limalola msodzi kutenga lobster imene chigoba cha msana wake chafika mainchesi 3¼ koma sichinapitirire mainchesi 5, ndipo ina iliyonse amaibwezera m'madzi. Munalinso zibangili zolukidwa ndi zingwe zakale zoyandama, zimene boma linaletsa kulumikizira miono mu 2009 chifukwa anamgumi ankakodwa nazo. Ine mtima unagwa pa mphete yasiliva yosulidwa motsanzira kamphira kamene asodzi amamanga pa manja opanira a lobster. Nditawerengera mtengo wake m'makwacha, ndinaona matumba a fetereza akundidutsa m'maso, choncho ndinauza mayiyo mwaulemu kuti ndibweranso.

Chapafupi pomwepo panali malo ogulitsira nsomba, ndipo m'thanki munali lobster zamoyo, iliyonse itavala timphira tiwiri, tenitenito timene mmisiri uja ankangotengera. Nzeru zaumphawi zinandiuza kuti chinthu chenicheni chimaposa chotsanzira, makamaka chikakhala chaulere. Ndinapempha bambo wogulitsa kuti anditulutsire imodzi ndiione bwino, ndipo iye atatembenukira kwa wogula wina, mlamu wanganso ali pafoni, ndinayamba kuvula kamphira mwakachetechete.

Manja a lobster safanana. Lina ndi lowonda lodulira nyama, pamene linalo ndi lonenepa, ntchito yake kuphwanya zigoba za tizilombo ta m'nyanja. Ine ndinasankha lonenepalo chifukwa linkaoneka lofatsa. Kamphira kasanatuluke bwinobwino, dzanja lija linatseguka n'kutsekera pa chala changa chachikulu, ndipo ine, munthu wamkulu wovala jekete, mkulu wa mpingo kwathu, ndinafuula kuti "Mayo ine!" mpaka mbalame za padoko zinauluka. Ndinayesa kuigwedeza kuti igwe, koma pamenepo m'pamene inalimbikira, n'kumakupiza mchira wake ndi kuwaza madzi amchere pa taye yanga. Wogulitsa uja anathamangira kudzakanula dzanjalo akulimbana ndi chiseko, ndipo mlamu wanga, namwino wathunthu, anayamba wajambula kaye asanayang'ane bala.

"Alamu," anatero akundimanga bandeji, "ulendo wonsewu wa pandege mwabwerera kudzavula nkhanu chovala?"

Chifukwa cha manyazi lobster ija ndinaigula. Pondipatsa chenji, wogulitsayo anafunsa chimene ndinkafuna kwenikweni, ndipo mlamu atamufotokozera, anapisa dzanja m'thumba limene linali pansi pa tebulo n'kundipatsa timphira todzaza chikhatho, osalipiritsa chilichonse.

Tisanafike n'komwe pagalimoto, foni yanga inalira. Kanema uja anali atafika kale ku Zomba pa WhatsApp, pamodzi ndi chithunzi cha mphete yasiliva chimene mlamu anajambula m'sitolo muja ine osadziwa. "Abambo, pepani ndi chalacho," anatero mayi a kunyumba, "koma timphirato mubwere nato timangire mapaketi a shuga, ndipo yasilivayo saizi yanga alamu anu akuidziwa." Tinabwerera kusitolo kuja nditanyamula lobster m'jumbo, ndipo mayi wogulitsa anandiyamikira kuti ndine mmodzi mwa anthu ochepa amene amati abweranso n'kubweradi.