Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Ku kiliniki ya chiwindi

Gawo lapitalo ndinakusiyani nditangosamutsidwira ku kiliniki ya odwala chiwindi. Ntchito yanga yambiri kumeneko inali kulemba mapepala otumiza anthu kokajambulidwa, koma pepala lililonse linkayenera kudutsa kaye m'manja mwa mkulu wathu, mayi osakonda zolankhulalankhula. Funso lawo linali lomwelomwelo: "Adokotala, magazi akuloza kuti?"

Ankatanthauza kuti zotsatira za magazi zili ndi mbali. ALT ndi AST, zinthu zomwe zimatayikira m'magazi maselo a chiwindi akavulala, zikakwera kwambiri, vuto lili m'maselo a chiwindi chenichenicho: kachilombo ka hepatitis B kapena C, mowa, mafuta, kapena mankhwala monga a TB. Pamenepo makina sanena zambiri. Chiwindi chotupa ndi hepatitis chikhoza kuoneka bwinobwino pa sikani, ndiye umafunsa wodwalayo zomwe akumwa n'kuyezanso magazi ena. Koma ngati zomwe zakwera m'magazi ndi ALP, GGT ndi bilirubin (yomwe imachititsa maso chikasu), ndulu ikukanika kuyenda, ndipo kujambula kumafunika msanga.

Woyamba nthawi zonse anali ultrasound. Odwala ambiri ankaiderera, poti ndi yomwe amaunikira amayi oyembekezera. Bambo wina wamaso achikasu, thupi lonse likumuyabwa, anandiuza mosabisa kuti, "Adokotala, ine ndabwerera makina aakulu aja olowamo thupi lonse." Ndinawafotokozera kuti ultrasound ilibe cheza chomwe CT, sikani ya X-ray, ili nacho, siifuna mankhwala obaya mumtsempha omwe amatha kuvuta impso zofooka, komanso imayankha funso lomwe tinali nalo: kodi njira za ndulu zatsekeka? Anavomera monyinyirika, n'kubwera m'mawa asanadye kanthu kuti ndulu idzaze ioneke bwino.

Njira yaikulu ya ndulu nthawi zambiri siposa mamilimita 6. Ya bambowa inali itafutukuka moonekeratu, koma chotseka sichinaoneke. Apa ndi pomwe ultrasound imafookera: kumapeto kwa njirayo kumabisika ndi mpweya wa m'matumbo. Ine ndinkaganiza za CT, mkulu wathu za MRCP, yomwe ndi MRI (sikani ya maginito) yoonetsa njira za ndulu. Mfundo yawo inali yakuti bamboyo ankamva ululu wobwera n'kupita ndipo m'ndulu munali timiyala, choncho tinkasaka mwala, pomwe miyala ina saioneka pa CT. Akanakhala munthu wachikulire woonda, wachikasu popanda ululu, akanasankha CT kuti aone chotupa cha pancreas, chiwalo chomwe njira ya ndulu imadutsamo. Mwala unapezekadi, ndipo anauchotsa ndi ERCP, kachubu kodzera kukamwa. ERCP sankalola kuti ikhale yongoonera, chifukwa imatha kutupitsa pancreas.

Ena sitinkawajambula n'komwe. ALP imachokeranso ku mafupa, ndiponso imakwera mwa mayi woyembekezera, ndiye GGT ikakhala yabwinobwino chiwindi unkachisiya. Mnyamata wathanzi wokwera bilirubin pang'ono yokha, kawirikawiri ndi Gilbert, chibadwa chosavulaza.

Gulu lomwe linkandidetsa nkhawa, mpaka lero, ndi la anthu a mafuta m'chiwindi. Ultrasound imaonetsa mafutawo koma siinena kuti zipsera zafika pati, ndipo lipoti lakuti "mafuta chabe" limagonetsa anthu tulo. Tinkawerengera FIB-4, kuchokera ku zaka za munthu, AST, ALT ndi ma platelet (tizinthu tothandiza magazi kuundana). Ikakhala pansi pa 1.3, ngozi ndi yochepa. Ikapitirira, munthu ankapita ku FibroScan yoyeza kuuma kwa chiwindi. Opezeka ndi cirrhosis, kutanthauza chiwindi chodzaza zipsera, tinkawaitana miyezi 6 iliyonse kudzaunikidwa, kuti khansa ikayamba tiipeze ikadali yaing'ono.

Mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi wanga wakale wa masamu, yemwe ndinam'peza pa mzere tsiku lina atagwira pepala lolembedwa ndi dzanja langa. Nkhani yake ndi ya gawo 18.