Pampu yomwe inkangong'ung'udza

Pa ntchito yathu yosamalira mathanki owetera makorali, Lolemba tinayambira pa thanki ya madzi amchere ya malita 450 ya mu ofesi ina ku Sandton, mu mzinda wa Johannesburg. Makorali anali atafota kwa milungu iwiri, ndipo eni ake, pofuna kuwatsitsimutsa, anakweza nyale za LED kuchoka pa 60 peresenti kufika pa 100 tsiku limodzi. Tinapeza nsonga ziwiri za pamwamba za Acropora, korali yolimba ya nthambi, zitayera ngati choko.

Korali ndi kanyama, koma m'thupi mwake mumakhala tindere totchedwa zooxanthellae tomwe timapanga chakudya ndi kuwala n'kumagawana nayo. Kuwala kukachuluka mwadzidzidzi, korali imatilavula tinderero n'kutsala mbuu. Imakhala isanafe, koma njala yayamba. Mita ya PAR, yoyeza kuwala kofika pa korali, inawerenga 480 pamwamba pa mwala, pomwe Acropora imakhutira ndi 250 mpaka 350. Makorali a timanja tonenepa monga Euphyllia amafuna 80 mpaka 150 basi, n'chifukwa chake timawaika pansi. Nyale tinazibweza pa 55, maola 9 patsiku, ndipo tiziwonjezera 5 peresenti pamlungu, osapitirira.

Koma chomwe chinayambitsa kufotako si nyale. Pampu imodzi mwa ziwiri zopanga mafunde inkangong'ung'udza osakankha madzi. Titaimasula tinapeza kapulopela kake katagwidwa ndi laimu komanso ndere zofiirira zouma gwa ngati simenti. Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Korali siyenda. Madzi ndiwo amaibweretsera chakudya ndi mpweya, ndiwonso amaichotsera zonanda zomwe imatulutsa ndi zinyalala zogwera pa iyo. Madzi akaima, imabanika, ndipo ukaiwonjezera kuwala ili chibanikire umangofulumizitsa kuyera kwake. Makorali ofewa ndi a timanja tonenepa amafuna kuti mapampu azizungulitsa madzi onse a m'thanki ka 20 mpaka 30 pa ola. Acropora ka 40 kapena kuposa. Pa malita 450, ka 30 ndi malita 13,500 pa ola, ndiye pampu imodzi itafa theka linali litapita. Tinaiviika maola awiri m'madzi ofunda, masipuni aakulu atatu a citric acid pa lita, n'kuitsuka ndi kamswachi, kenako kuitsukuluza bwino. Ntchitoyi imafunika miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, pampu isanayambe kulira.

Koloza pampu nakonso n'kofunika. Ukalunjika madzi pa Euphyllia, mnofu wake umakhulika pa chigoba chake chakuthwa, bala limalowa matenda, m'masiku ochepa mutu wonse wasanduka phala lofiirira. Timaloza mapampu awiriwo kuti madzi azikumana pakati n'kusokonekera, timanja tizigwedezeka uku ndi uku ngati udzu wa m'dambo kukamawomba kamphepo, osati kugonera mbali imodzi. Kuti tidziwe pomwe madzi aima, timamwaza chakudya pang'ono n'kuyang'ana pomwe chikukhazikika.

Lachiwiri ndi Lachitatu inali ntchito ya masiku onse: kupala magalasi, kutsuka kapu ya skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu), kusintha 10 peresenti ya madzi, kuyeza. Kutentha 25 digiri, calcium 420, magnesium 1,300 (mamiligalamu pa lita). Thanki ina ya panyumba inawerenga mchere 1.029 m'malo mwa 1.025 kapena 1.026, chifukwa wosamalira ankabwezera madzi ouma ndi madzi amchere. Chimauma ndi madzi okha, mchere umatsala. Obwezera akhale opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO ochotsa zosungunuka m'madzi. M'thanki ina alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa asidi yomwe imayezedwa mu dKH, inatsikira pa 6.2. Timafuna 8, koma sitikweza kuposa 1 patsiku, chifukwa kulumpha kumasupula mnofu wa Acropora msanga kuposa kutsikako. Amene anazolowera kuweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi amavutika kuzolowera zimenezi, poti mbuna zimapirira kusintha madzi ambiri tsiku limodzi pomwe korali sipirira.

Lachinayi ndi tsiku lodyetsa. Tubastraea, korali ya mtundu wa lalanje, ilibe tindere m'thupi, choncho nyale siithandiza kanthu. Kakamwa kalikonse kamafuna kudyetsedwa pakokha katatu pamlungu. Timasungunula mysis (tinkhanu ting'onoting'ono tosungidwa m'ayezi), kuitsukuluza pa kasefa kuti madzi ake asawonjezere phosphate yomwe imameretsa ndere, kuzimitsa mapampu, n'kudontheza ndi pipeti mwapang'onopang'ono. Timanja tachikasu timaigwira n'kupindira mkati, kakamwa n'kutseka. Nsomba zidyetsedwe kaye, apo ayi zimakwatula chakudyacho pakamwa pa korali. Mphindi 15 zakwana, ndipo alamu ya pafoni itcheredwe musanazimitse, chifukwa pampu yoiwalika usiku wonse imapha thanki. Makorali okhala ndi tindere kamodzi kapena kawiri pamlungu n'kokwana. Nitrate, yomwe imachokera ku zinyalala za nsomba ndi chakudya chotsala, timaisunga pakati pa mamiligalamu 2 ndi 10 pa lita, phosphate 0.03 mpaka 0.1. Zikachuluka ndere zimamera paliponse, koma zikafika pa ziro makorali amatuwa. Madzi oyera mopitirira nawonso ndi njala.

Lachisanu tinadula ma zoanthid, timakorali tofewa tonga maluwa, omwe ankakwera pa korali yolimba ya Montipora. Magolovesi ndi magalasi a m'maso n'zosakambirana, poti ena mwa iwo ali ndi poizoni wa palytoxin, ndipo mwala wawo usathiridwe madzi owira chifukwa nthunzi yake imadwalitsa nyumba yonse. Tinayesanso mabatire a timapampu ta mpweya m'mathanki onse. Magetsi akazima, nyale zikhoza kudikira masiku awiri, koma madzi akaima mpweya umatha m'maola ochepa.

Madzulo tinadutsanso ku Sandton. Nsonga zija zikadali zoyera, ndipo mtundu umatenga milungu kapena miyezi kuti ubwerere, koma mnofu sunasupuke ndipo timanja tatulukanso. Euphyllia yafufuma. Lolemba tidzayang'ananso nsongazo. Ngati kuyerako sikunafalikire, nyale zidzakwera pa 60.