Nambala ya mpingo inali m'dzina la munthu amene ali ku Joni

Dzulo m'mawa, 5 koloko itangokwana, ndinatumiza uthenga wa tsiku pa nambala yakale ya foni ya mpingo wathu, patatha masabata 7 chiibedwere foniyo. Nditadina, ndinangokhala pakhonde, mtima uli myaa. Ndati ndilembe zimene ndadutsamo mkwiyo usanazilale, chifukwa ukazilala ndiyamba kunena kuti zinali zazing'ono, pomwe sizinali zazing'ono.

Mpingo wathu uli ku Area 23, ku Lilongwe. Kuyambira 2020, nthawi ija ya Covid-19 anthu ankaopa kusonkhana, tili ndi gulu la pa WhatsApp lomwe timaikapo vesi ndi mawu a abusa ojambulidwa, a mphindi zitatu, m'mawa uliwonse. Tinayamba ndi akhristu athu okha, koma anthu anapitiriza kuitanana mpaka tinaposa 400. Ambiri mwa iwo sanapondepo m'tchalitchi mwathu: anyamata a kabaza, amayi ogulitsa kaunjika ku Tsoka, alonda otuluka ntchito m'mawa, abale athu a ku Joni. Ntchito yotumiza inagwera ine chifukwa ndine mlembi wa achinyamata, komanso telala amadzuka msanga.

Foni ya mpingoyo inabedwa Lolemba loyamba la November ku depoti, ndikulimbirana khomo la minibasi. Sindinamve n'komwe. Foniyo payokha sindinaililire, inali itel yakale yosweka galasi. Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti madzulo omwewo wakubayo anayamba utumiki wake. Analemba pagulu paja kuti "Okondedwa mwa Ambuye, abusa agonekedwa m'chipatala, tithandizane," n'kuika nambala yotumizirapo ndalama. Foniyo inalibe loko chifukwa tinkapatsirana. Choipitsitsa, gululo tinalitchera kuti admin yekha ndiye azilemba, titatopa ndi otsatsa nkhuku ndi okangana za ndale. Ndipo admin anali mmodzi, nambala yomwe yabedwayo. Ndiye taonani: anthu 400 tinawatseka pakamwa ndife tomwe, guwa lonse n'kumusiyira mbala. Mkazi wanga ankauona uthengawo pa foni yake, osatha kulembapo ngakhale liwu limodzi lochenjeza. Pofika m'mawa amayi awiri achikulire anali atatumiza kale ndalama.

Ngati muli ndi gulu la mpingo, siyani kaye kuwerenga, pitani mukaike ma admin atatu. Anthu atatu, mafoni atatu, nyumba zitatu zosiyana. Mubwera mudzamalize.

Lachiwiri ndinatseka shopu n'kupita ku ofesi ya kampani ya foni ku Old Town. Sinditchula kampani, nonse mukuudziwa mzere wake. Ndinafika 8 koloko, ndinafika pa kauntala cha m'ma 11. Ndinafotokoza zonse. Mayi amene anali pamenepo anangofunsa kuti, "Bambo, lipoti la ku polisi muli nalo?" Ndinati ayi. "Mukatenge kaye." Basi, wotsatira. Nambala ija sanailembe n'komwe mu kompyuta. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene ikundiwawabe mpaka lero.

Lachitatu ku polisi. Kumeneko sindidandaula kwambiri, anandithandiza, ndinalipira n'kupempha lisiti. Koma anandifunsa nambala ya IMEI ya foniyo, ine kukamwa yasa. Katoni yake, pomwe nambalayo imalembedwa, ana anaisandutsa galimoto kalekale. Nambala imeneyi ili ndi manambala 15, ndipo imatuluka mukadina *#06# pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani. Ilembeni m'buku la mlembi lero lomwe, pafupi ndi maina a akhristu. Foni ikapita simudzaipezanso.

Lachinayi ndinabwerera ku ofesi kuja ndi lipoti langa, komanso kalata ya abusa yokhala ndi chidindo cha mpingo, poti ndinati ndisapitenso wopereweza. Titaima pang'ono, mlonda anatuluka n'kulengeza kuti netiweki yagwa, tidikire. Tinadikira. Dzuwa la November mvula isanagwe mukulidziwa, lija limaotcha mpaka m'nsapato. Palibe anatiuza kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndiye munthu sungachoke poopa kuti ukangotembenuka ziyamba. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya nditaimirira, diso lili pakhomo. 3 koloko itadutsa anati tibwere mawa. Ku shopu kunali madiresi a ukwati wa Loweruka lomwelo, ndipo mwini wake anaimbira mkazi wanga kanayi. Usiku umenewo ndinasoka mpaka tambala woyamba.

Lachisanu ndiye tsiku lake. Mayi yemwe uja anatenga lipoti, analemba nambala mu kompyuta, n'kundiyang'ana, n'kuyang'ana chiphaso changa cha unzika, n'kundiyang'ananso. "Bambo, nambala iyi si yanu." Ndinati inde, ndi ya mpingo. "Mu kompyuta mulibe mpingo, muli dzina la munthu." Atanditchulira chilembo choyamba cha dzinalo ndinakumbuka. Mu 2018, pamene bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA linalamula kuti SIM kadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, nambalayi inali ya kwaya, ndipo amene anathamanga kukailembetsa anali mnyamata wathu woimba kiyibodi, chifukwa ndiye anali ndi chiphaso m'thumba tsiku limenelo. Mnyamata ameneyo anapita ku Johannesburg mu 2022. Tonse tinaiwala.

Ndinatulutsa kalata ya abusa. Anaiwerenga mwaulemu n'kundibwezera, amvekere, "Kalata ndi yabwino, bambo, koma abusa mu kompyuta mulibe. Mwini wake abwere yekha ndi chiphaso." Ndinabwereka foni kwa munthu pamzere, ndinamupeza mnyamata uja, anatumiza chithunzi cha chiphaso chake nthawi yomweyo. Anakana. Ndinati alankhule naye pa vidiyo amuone nkhope. Anakana.

Tsopano ndinene zoona. Lamulolo silolakwika. Akanamapereka nambala kwa aliyense wobwera ndi chithunzi ndi nkhani yomvetsa chisoni, bwenzi mbala zikutilanda manambala tili m'tulo. Chimene chinandipsetsa mtima ndi masiku atatu aja. Lachiwiri lija, akanangolemba nambala mu kompyuta, mphindi imodzi yokha, akanandiuza pomwepo kuti bambo musavutike, dzina ndi la wina. Ndalama ya minibasi, ya lipoti, ya tchipisi, ntchito ya ku shopu, zonse zinapita pofuna kumva chinthu chimene chinali pa sikirini kuyambira tsiku loyamba. Ndiye inu mukapita, musayambe ndi nkhani. Yambani ndi kupempha kuti aone dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Mulibwino muchite zimenezi foni isanabedwe.

Chomwe anavomera tsiku limenelo ndi kutseka SIM kadi ija, nditawatchulira manambala amene tinkaimbira kawirikawiri. Ndinatuluka ndikuyesa kuti wakubayo ndamudula miyendo. Ayi ndithu. WhatsApp ikalowa m'foni siifunanso SIM kadi yake, imangofuna intaneti, ngakhale ya laini ina. Lamlungu lomwelo, abusa ali pa guwa athanzi lawo, uthenga unalowa wakuti matenda awo akula.

Ndaiwala kunena za ku Mitundu, ndipo kwa ine ndiye chinali chopweteka kuposa zonse. Tili ndi kampingo kathu kupitirira Mitundu, komwe achikulire ambiri ali ndi mafoni a mabatani ndipo maso anayamba kuchita chidima. Iwowa WhatsApp siwakhudza. Timawaikira mawu pa memory card, amamvera ali kudimba kapena akusenda mtedza. Mkulu wa mpingo wina wa mawu okoma wakhala akuwerenga Chipangano Chatsopano mutu ndi mutu, ine n'kumajambula, kuchokera m'Buku Lopatulika lija la 1922. Achinyamata amakonda Buku Loyera la 1998 poti Chichewa chake n'chofewa, koma agogo aja akamva mawu ena osati amene anakulira amati mwasintha Baibulo. Mitu ya Chipangano Chatsopano ilipo 260, ife tinali titafika ku Aefeso. Zonsezo zinali m'foni imodzi yomweyo, kwina kulikonse kunalibe.

Chinatipulumutsa ndi kadi imene ndinali nditaikira agogo ena mu October. Ndinakwera minibasi Loweruka, kenako kabaza, kukaibwereka. Agogowo anaitulutsa m'foni monyinyirika, n'kuikulunga m'kapepala, amvekere, "Mwanawe, ibwere dzuwa lisanalowe, usiku ine ndimagona ndi Yohane." Ndinathamanga nayo kwa anyamata obena nyimbo pa Mitundu, anaikopera pa kompyuta, ndipo tsopano mawuwo ali malo atatu: pa flash ya abusa, pa kompyuta ya mlamu wanga, ndi pa Google Drive. Mitu ya Agalatiya ndi Aefeso yokha ndiyo tinajambulanso.

Poti ndatchula makadi, chenjerani ndi otchipa a m'mbali mwa msewu. Ndinagula asanu olembedwa 32GB kufupi ndi msika waukulu, atatu mwa iwo anali abodza. Kadi yotere imalandira zonse bwinobwino, maina a mafayilo n'kumaoneka, koma ukafika kwa Luka foni imangoti zii. Muziiyesa podzaza n'kumvera fayilo yomalizira musanapite nayo kumudzi. Komanso mafayilo muziwapatsa manambala kutsogolo, 001, 002, choncho, apo ayi foni imayamba ndi Aefeso, Mateyu n'kubwera pambuyo pa Marko.

Tibwerere ku gulu. Tinalengeza m'tchalitchi, tinagula laini yatsopano, tinatsegula gulu lina. Akhristu athu analowa msanga. Vuto linali anthu akunja aja, amene kwenikweni utumikiwu tinauyambira. Manambala awo tinalibe paliponse. Mwayi wake, aliyense amene ali pagulu amatha kuona manambala a anzake, ndiye ine ndi mkazi wanga tinakhala madzulo atatu, iye akuwerenga pa foni yake, ine ndikulemba m'kope, usiku wina ndi kandulo magetsi atazima. Ndinkaganiza zongowaika pa broadcast list, mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, koma iyo imalola anthu 256 okha, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Nambala yatsopano anaisunga ndani? Tinayamba kuwalembera mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, chifukwa nambala yatsopano ikangowaza mauthenga kwa anthu ambiri osaidziwa imatha kutsekedwa. Ndipo ambiri ankayesa kuti akuba ndife. Wina anandiyankha kuti, "Achimwene, kaberekoni kwina, ife gulu lathu lilipo." Sindinamuimbe mlandu. Kwa iye nambala yakale ija ndiyo inali mpingo.

Mnyamata wa ku Joni uja anabwera pa basi pakati pa December kudzadya Khrisimasi. Sindinamulole kupuma. M'mawa mwake ndinakamutenga kwa mayi ake ku Kawale, maso ali ofiira ndi tulo, mpaka ku ofesi kuja. Titafika pa kauntala, zonse zinatha mphindi 20 zisanakwane. Mphindi 20! SIM kadi yatsopano, nambala yomweyo. Tsiku lomwelo tinapempha kuti dzina lisinthidwe, ndipo tinapita ndi mkulu wa mpingo amene anamanga nyumba yake ku Area 23, ali ndi zidzukulu pompo, sapita kulikonse. Onse awiri anaonetsa ziphaso. Musalembetse nambala ya mpingo m'dzina la wachinyamata amene akusaka pasipoti, ngakhale akhale wokhulupirika bwanji.

Kunyumba ndinaika SIM m'foni ina, ndinatsegula WhatsApp, kodi ya manambala 6 inabwera pa SMS, ndinailowetsa. Kenako inandifunsa PIN imene sindinaikepo. Mbala ija inali itatchera two-step verification, chinthu chimene ife eni ake sitinachiganizeko zaka zisanu zonse. Zikatere umadikira masiku 7 kuti ulowe popanda PIN. Chonditonthoza chinali chakuti ukangolowetsa kodi ya pa SMS ija, winayo amatulutsidwa nthawi yomweyo. Sabata yonseyo gulu linali chete, iye kunja, ine kunja.

Nditalowa dzulo, ndisanatumize vesi, ndinayamba ndi ma admin. Atatu: mayi busa, msungichuma ndi mtsikana wina wa kwaya. Ndinaika PIN yathu, ndinaika loko pa sikirini, ndinaikanso PIN pa SIM kadi. Ndikubwereza, ma admin atatu, chifukwa tikanakhala nawo, mmodzi akanachenjeza anthu pagulu usiku woyamba womwewo, ndipo ndalama za amayi awiri aja, zomwe achinyamata tasonkherana kuti tibweze, sizikanapita. Tagwirizananso kuti pagulu pathu sipadzapemphedwanso ndalama, kaya za maliro kaya za matenda. Zimenezo zizinenedwa m'tchalitchi, pakamwa. Ndipo amene akutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba aziyamba waimbira msungichuma.

Mauthenga akale onse anapita, sitinkasunga. Pagulu patsala anthu 270 ndi kanthu, ena anatuluka atatopa ndi kupemphedwa. Magulu tsopano ndi awiri, ndipo sitinagwirizanebe kuti titseke liti, nkhani imeneyo ili pa msonkhano wa akulu a mpingo mu January. Uthenga wa abusa utapita, woyamba kundilembera kumbali anali mnyamata wina wa kabaza amene sindinamuonepo nkhope. Anati, "Madala, mwabwereradi? Nanga abusa anatuluka m'chipatala muja?"