Ndalama sizikhala mu foni

Mzime wanga ali ndi zaka 6. Loweruka lina tikutuluka mu msika wa Ulongué, kuno ku Mozambique, anaumirira kuti ndimugulire mandasi. Nditamuuza kuti ndalama zatha, anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, si mutenge mu foni?"

Ndinaseka, koma usiku tulo tinandivuta. Mwanayu wakula akuona ine ndikudina foni, kenako mnyamata wa M-Pesa akundiwerengera ndalama. Kwa iye foni ndi chitsime chosaphwa. Matumba a kachewere amene bambo ake amalima ndi kukumba, ine n'kukhala nawo padzuwa tsiku lonse, sawalumikiza ndi mandasi aja.

Sindinamukhazike pansi kuti ndimulangize, mwana wa msinkhu umenewu malangizo amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndinangolowerera masanje awo. Ana apakhomo pano amatsegula kale msika pakhonde, tomato wake miyala, nsomba zake masamba a mango. Ndinawatolera zitsekerero za mabotolo kuti zikhale ndalama, ndipo lamulo ndinaika limodzi lokha: zitsekerero sizitoledwa pansi, umazipeza ukagulitsa kanthu kapena ukathandiza kusankha kachewere wowola. Tsiku loyamba anamaliza zake zonse dzuwa lisanafike pamutu, n'kubwera kudzapempha zina. Ndinamuonetsa foni yanga n'kuti, "Tengamo." Anakwiya, koma anamva.

Patatha milungu ingapo tinayamba kugwira zenizeni, zachitsulo za 1, 2, 5 ndi 10 metikali. Ndimamutuma pa banka (kagolosale) yapafupi ndi 10, ndipo asananyamuke timagwirizana troko (chenji) imene abwere nayo. Chodabwitsa n'chakuti ndalama amawerenga m'Chipwitikizi, cinco (5), dez (10), koma nkhuku amawerenga m'Chichewa. Ine sindimuletsa, bola troko ikwane.

Amene anasokoneza sukulu yathuyi ndi agogo ake. Mayi anga mutu wawo unatsalira ku metikali yakale. M'chaka cha 2006 boma linachotsa maziro atatu pa ndalama, 1,000 yakale n'kusanduka 1, koma iwo mpaka lero pepala la 1,000 amalitcha miliyoni. Tsiku lina mwana anabwera akuthamanga: "Amayi, agogo ali ndi miliyoni pa mpango!" Zinatengera madzulo onse kuti timvane. Agogo anamasula mfundo ya mpango wawo, n'kuyala mapepala pamphasa, namulozera nkhope ya Samora Machel pa lililonse. Anamufotokozeranso kuti iwo ali mtsikana ankagula mchere ndi esikudo, metikali isanabwere mu 1980. Mwana anafunsa ngati esikudoyo anali mu foni. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

Malume ake a ku Dedza nawonso anabwera ndi phunziro lawo osadziwa. Podutsa pa malire a Calómuè anatsala ndi K500, n'kumupatsa mwana. Iye ataona 500 anadziona bwana, poti amadziwa kuti 500 metikali amayi ake saigwira mwachisawawa. Titakasintha kwa anyamata osintha ndalama, zimene anabwerera nazo zinakwana m'kadzanja kamodzi. Ana a kuno kumalire ayenera kudziwa msanga kuti nambala yolembedwa pa pepala si mphamvu yake, ndipo ine ndimaona kuti kuphunzira ndi kwacha ya malume kuli bwino kusiyana n'kudzaphunzira atanyamula thumba la mbatata.

Tsopano ali ndi chitini cha mkaka chimene bambo ake anaboola pamwamba. Ananena yekha kuti akusungira mpira. Mwezi watha, ndili kumsika, anachitsegula ndi supuni n'kukagula maswiti, kugawira gulu lonse la masanje. Madzulo atagwedeza chitini n'kumva zii, analira kwambiri. Bambo ake anayamba kupisa m'thumba, ine ndinawatsina. Agogo ndi amene anandinena kuti ndine wouma mtima, mwina akunena zoona.

M'mawa mwake ndinamupeza pa mulu wa kachewere ndisanamuitane, akusankha wowola. Anandifunsa kuti, "Amayi, mpira uja ndi ma dez angati?" Tinawerengera pa zala zake, sizinakwane, tinabwereka za agogo.