Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Nthumbwana Zomwe Tinasiyira Makhwangwala

Sabata yatha ndinalekezera pomwe ndinapeza ganyu yotsuka mbale pa nyumba yaikulu ya banja lina kufupi ndi Kingussie, m'mapiri a Cairngorms ku Scotland. Banjali lakhala ndi malowa kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo. Pa tebulo la pakhomo pamakhala buku lachikopa momwe amalembamo mbawala iliyonse yophedwa: tsiku, phiri, kulemera kwake ndi amene anawombera. Masamba oyambirira inki inafwifwa kalekale.

Mlenje wa pamalopo anali mdala wosayankhulayankhula, yemwenso analowa ntchitoyo m'malo mwa bambo ake. Atamva kuti ndinakulira pa uzimba ku Dedza, anandiuza kuti ndidzawanyamulire chikwama. Munali mu Okutobala 2017, nyengo yosaka mphongo itatsala pang'ono kutsekedwa, poti masiku amenewo imatha pa 20 Okutobala. Lamulo lotseka nyengo ya mphongolo analichotsa mu 2023, chifukwa mbawalazi zachuluka ndipo zikudya mitengo yongophuka kumene. Mimbulu yomwe inkazichepetsa inatha zaka mazana apitawo.

Ine uzimba womwe ndimaudziwa ndi waphokoso. Agogo anga ankaliza likhweru m'mamawa, agalu n'kumauwa, anyamata ndi zibonga kukuwa tchire lonse mpaka gwape atadzidzimuka n'kukakodwa mu ukonde. Kuno ayi. Tinakwera phiri maola atatu popanda wotsokomola. Mdala uja ankangothothola udzu n'kuuponya m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, chifukwa mbawala ikangomva fungo la munthu, mwagwa nayo. Kenako anatulutsa galasi lake loonera patali n'kukhala pansi phee, ngati wayiwala chomwe tabwerera.

Ndipamene ndinamva kubangula. Ndinkaganiza kuti ndi ng'ombe yolusa, koma inali mphongo ikuteteza zazikazi zake, poti mwezi umenewo ndi wokwerana. Musayerekeze ndi mbawala ya kwathu: iyi ndi yofiirira, msinkhu wa mwana wa ng'ombe, nyanga zake za nthambinthambi zomwe zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso. Ine ndinaloza ina yokongola, ya nsonga 12. Mdala anapukusa mutu. "Imeneyo ndi mbewu, mnyamata. Tikufuna yokalamba ija, yowonda m'chiuno."

Mamita 200 omalizira tinakwawa chafufumimba m'dambo lozizira, madzi kulowa mpaka m'kabudula wam'kati. Mwana wa eni malo ndiye anali ndi mfuti. Chipolopolo chimodzi, basi. Nyama inathamanga pang'ono n'kugwa.

Tsono apa ndiye pali nkhani. Mdala anasolola mpeni n'kutumbula nyamayo pomwepo, mwaluso ndithu, kuti ipepuke komanso isawonongeke. Mtima, chiwindi ndi mapapo anasunga. Koma chifu ndi matumbo onse anangozikhuthulira pa udzu, n'kupukuta mpeni, n'kuyamba kuyitana mnyamata wa kavalo.

"Bambo, nanga izi?" ndinafunsa.

"Za makhwangwala ndi ziwombankhanga."

Abale anga, mtima unandiwawa. Kwathu ndiwo ngati zimenezo zimapatsidwa kwa akuluakulu, ana n'kumangomeza malovu. Ndinakumbukira amayi akutsuka matumbo a mbuzi pa chitsime, kuwakulunga pa zidutswa za chifu, nthumbwana zikubwata mu mphika ndi tomato. Ndinaima pamenepo mpweya ukufuka pa mulu uja, makhwangwala atayamba kale kuzungulira, ndipo ndinachita manyazi kupempha. Ndinali mlendo, sindinafune kuti aziti Amalawi timatola zotaya.

Anaimangirira nyama pa chishalo cha kavalo wamfupi wamphamvu, mtundu womwe amautcha garron, ndipo tinatsika mdima ukugwa. Madzulo ndinaona mwini nyumba akulemba m'buku lija. Dzina langa silinalowemo, wonyamula chikwama salembedwa.

Patapita masiku awiri mdala anandiitananso. Tili pakati pa phiri anapisa m'thumba la jekete, n'kundipatsa jumbo yopindidwa bwinobwino, osandiyang'ana n'komwe. Usiku umenewo khitchini ya azungu inanunkhira ngati pa chiwaya cha pa Lizulu, ndipo wophika wamkulu anatsegula mawindo onse ngakhale kunja kunali chisanu. Zomwe ananena mayi wa panyumbapo atalowa, ndidzakuuzani mu gawo 15.